Apongozi pa Chishalo Chonyezimira

Mukadzamva anthu otchola tiyi kuno ku Thyolo akukuwira munthu wa njinga yamoto kuti, "Bwana, kumbuyoko aliko?" kenako n'kugwa nacho chikhakhali, musadzavutike kufufuza mwini nkhani. Ndine. Mawu amenewo anabadwira pa ine, ndipo zikuoneka kuti adzandiperekeza mpaka kumanda.

Ine kwathu n'kumpoto. Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yoyendera alimi ang'onoang'ono a tiyi pa esiteti ina, ndipo kampani inandipatsa njinga yamoto ndi nyumba yamalata, ya magetsi ndi mpopi pakhomo. Koma mtima suona magetsi. Ndinakapeza mkazi, Esinati, kwa Changata, kumene mwambo umati wosamuka ndi mwamuna. Basi ine uyo, mkamwini, kumagona m'kanyumba kuseri kwa apongozi, nyumba ya kampani ili chitsekere. Kuti ndimutenge Esinati tikakhale kwathokha pankafunika chilolezo cha chitengwa. Amalume ake anali atavomera kale, koma mudzi wonse unkadziwa kuti mawu otsiriza ndi a apongozi anga aakazi, mayi wathupi lake, wosalankhulalankhula. Nkhaniyi ikatuluka iwo ankangoti, "Tiwaone kaye."

Esinati anali atandiphunzitsa malamulo ake. Apongozi suwayang'ana m'maso, sukhala nawo pafupi, suwakhudza, ukakumana nawo panjira umapatuka. Anzanga obadwira konkuno zambiri mwa izi anazifewetsa kalekale, koma ine mlendo wofuna kukhoza mayeso ndinazimeza zonse ndi minga yomwe (tsiku lina ndinawapatukira mpaka kulowa m'chitedze, koma imeneyo ndi nkhani ina).

Ndiye kunabwera msonkhano waukulu wa amayi a mvano ku Boma, ndipo woyambitsa nyimbo wa mpingo wathu anali apongozi. Lole imene amayiwo anapangana nayo inafa kutatsala tsiku limodzi. Anzawo anayamba kusakasaka kabaza, ndipo Esinati anandikokera kuseri.

"Mwayi wanu ndi umenewu," anandinong'oneza. "Mukawafikitse bwinobwino mawa. Akakatsika akumwetulira, za chitengwa zija zatheka."

Abale, ndinasangalala ngati ndakwezedwa pantchito. Madzulo amenewo njinga inaona chikondi chimene sinachionepo. Ndinaitsuka, ndinasintha oyilo, ndinaika pulagi yatsopano, tcheni ndinachikunga n'kuchidontheza mafuta, mabuleki ndinawayesa kutsogolo ndi kumbuyo. Mpaka pamenepo ndinali munthu wanzeru, ndipo ndikanalowa m'nyumba n'kukagona bwenzi lero ndikusimba zina.

Koma chimwemwe chinandikwera kumutu. Ndinatenga pampu n'kupopa matayala mpaka anauma gwa, poganiza kuti katundu wa mawa ndi wolemekezeka (sindinati wolemera, ndati wolemekezeka). Tayala louma choncho pa tala limathamanga bwino, koma pa miyala ya m'misewu ya m'tiyi limangodumpha ngati chiwala. Zimenezi ndinkazidziwa ndithu. Kenako maso anagwera pa chishalo. Chinali chotuwa, chosayenera mayi woyambitsa nyimbo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga botolo la mafuta odzola a Esinati, n'kuyamba kupaka. Ndinapaka, ndinapukuta, ndinapakanso, mluzu uli pakamwa. Chishalo chinawala mpaka ndinadzionerapo mano.

M'mawa mwake, nditakhala panjinga kudikira, ndinazindikira chinthu choopsa. Magalasi onse awiri ankaonetsa ndendende pamene padzakhale nkhope ya apongozi. Maso anga ndi awo kumakumana pagalasi ulendo wonse? Ine, mkamwini wa khalidwe? Ndinawapinda onse awiri kuyang'anitsa pansi, moti ankangoonetsa mawondo anga.

Apongozi anatuluka atatchena: bulauzi yoyera mbee, siketi yakuda yoterera ija, chikwama m'manja. Esinati anawaveka chisoti pamwamba pa duku. Anakwera chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa chishalo kuti pakati pathu patsale malo a ulemu. Manja onse anagwira chikwama.

"Amayi, agwireni m'chiuno," anatero Esinati.

"Iwe, ndigwire ndani? Usandilaule."

Ine ndinavomereza ndi mutu, maso ali kutsogolo. Mumtima ndinati, aka ndiye kabanja kodziwa mwambo.

Tinanyamuka. Kuti tisachedwe ndinadzera njira yachidule ya m'minda ya esiteti, ija ya dothi lofiira yokwera ndi kutsika. Kunja kunali kokongola mochititsa kaso, tiyi ali biliwiri mbali zonse, ndipo ine ndinkangodziona ndikulowetsa katundu wa Esinati m'nyumba ya magetsi. Misewu imeneyi ili ndi timitumbira topingasa topatutsira madzi a mvula. Pa kamtumbira kalikonse njinga inkati njo, ine n'kunena mwaulemu, osacheuka, "Pepani amayi, bampu." Iwo ankayankha kuti, "Mmm."

Kenako tinafika pa chitunda chachikulu chimene masiku onse chimandivuta ngakhale ndili ndekha. Ndinaika giya yoyenera, ndinakoka moto, ndipo m'munsi mwake tinakumana ndi mtumbira wina wonenepa. Njinga inadumpha kwambiri. "Pepani amayi, bampu!" Ndipo taonani zodabwitsa: njinga inauluka chitunda chonsecho ngati mbuzi yoona chimanga. Inapepuka, inamvera, inaimba. Ine chimwemwe chinasefukira. Ndinati, ee, pulagi yatsopano ija! Sevisi ya manja anga! Ndinayamba kuganiza zotsegula galaja ndikadzapuma pantchito.

Kuchokera pamenepo "pepani amayi" wanga sankayankhidwanso, koma ine ndinangoti ndi ulemu wa anthu akale, sachulutsa mawu ndi mkamwini. Ndinawafotokozera za mitengo ya bulugamu, za fakitale, za mmene tiyi amafotetsedwera. Ndinafika mpaka potchula, mochenjera, kuti nyumba ya kampani ija ili ndi chipinda cha alendo. Chete. Ndinati mumtima, akuganizira, nkhani yalowa.

Pa tchalitchi tinapeza (ndikuti tinapeza, mundikhululukire) amayi ali m'mizere iwiri pageti, kuimba molandira alendo. Ndinaima mwaukatswiri pakati pawo, ndinazimitsa injini, ndinaweramitsa mutu.

"Tafika amayi. Tsikani pang'onopang'ono, paipi ya utsi yatentha."

Nyimbo inazilala. Mayi wina wa kwa Changata, amene anabwera pa kabaza, anandiyandikira.

"Akamwini, mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi amayi."

"Amayi ake ati?"

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinacheuka. Chishalo chinali pamenepo chokhachokha, chikunyezimira padzuwa, ndi kanjira koterera kochokera pakati mpaka kumapeto.

Mmene ndinatembenuzira njinga sindikumbuka. Mantha amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, chifukwa munthu kugwa panjinga si masewera, anthu amathyoka misana. Njira yonse ndinkangopemphera kuti Ambuye, chitengwa chikhale, nyumba ikhale, bola ndiwapeze amoyo. Ndinkayang'ana m'ngalande zonse.

M'munsi mwa chitunda chija ndinaona gulu la anthu otchola tiyi, madengu ali kumsana, atazungulira chinthu. Amene simunaonepo tiyi, dziwani kuti mitengo yake imadulidwa mofanana pamwamba, yothithikana, moti imakhala ngati tebulo. Pa tebulo limenelo, kumunsi kwa msewu, panali apongozi anga. Anali atakhala tsonga, chisoti chili kumutu, chikwama pamiyendo, nsapato imodzi palibe. Tiyi anawawakha bwinobwino, osathyoka paliponse, kungoti bulauzi inali ndi mizere yobiriwira.

Kapitawo wa gululo, bambo amene amandipatsa sawatcha tsiku ndi tsiku, anabwera akulimbana ndi milomo yake.

"Bwana, mwabwera? Ife timafuna tiwatsitse, koma akana. Akuti amene anawaika pamenepa ndi amene adzawachotse."

Ndinagwada m'dothi lofiira lija, maso pansi. "Amayi, pepani. Ndalakwa."

Sanandiyankhe ine. Anatembenukira kwa mayi wina wotchola tiyi amene anawatolera nsapato. "Muwafunse akamwiniwo. Anazindikira ali pati kuti ine kulibe?"

Mayiyo anandiyang'ana. "Akuti munazindikira muli pati?"

Bodza linabwera pakamwa, koma amayi a mvano onse anali mboni. "Ku Boma," ndinatero.

"Akuti ku Boma, mayi."

Munthu wina kumbuyo anagwetsa dengu. Apongozi analankhula mawu angapo m'Chilomwe amene sindinawamve, ndipo palibe anafuna kundimasulira, koma amayi awiri anakhala pansi ndi kuseka.

Kuwatsitsa kunafuna kuti ndiwagwire dzanja, ndipo ndinawagwira, mwambo uli pomwepo ukuonerera. Atatsika anapita pa njinga, anapititsa chala pa chishalo, ananunkhiza.

"Awa si mafuta a Esinati awa?"

Anatapa dothi lodzaza dzanja n'kukwecha chishalo chonse mpaka chinatuwa kuposa kale. Ine ndinaphwetsako matayala pang'ono. Kenako apongozi anagwira magalasi aja n'kuwadzutsa okha, n'kutembenukira kwa mayi wotchola tiyi uja.

"Muwauze kuti galasi ili ndi langa. Ndikasowamo aime."

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo. Ayi ndithu. Anatulutsa chitenje m'chikwama, anakwera mokhala bwino tsopano, n'kuuza mayi uja kuti atizungulize nacho tonse awiri ndi kumanga mfundo pamimba panga (musadzayesere, njinga ikagwa mumagwera limodzi, ndinayesa kunena zimenezi koma ndinalibenso pakamwa). Ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira, ndipo nthawi iliyonse ndikaponya diso pagalasi ndinkapeza maso awo ali pa ine, osaphethira. Tinalowa pageti la tchalitchi ine nditabereka apongozi kumsana. Amayi aja anayambitsa nthungululu, ndipo ndikukhulupirira kuti inamveka mpaka kumsika. Nyimbo anakayambitsa ndithu, ndi mizere yobiriwira yomweyo, ndipo akuti sanaimbepo mwamphamvu chotero.

Pobwerera anakwera kabaza.

Patapita masiku, amalume a Esinati anabwera kudzamva mawu otsiriza a chitengwa. Tinakhala pakhonde, ine chapatali pang'ono monga mwa masiku onse. Ndinali ndi kachiyembekezo, chifukwa nkhani ija inali itasanduka nthabwala ndipo apongozi omwe ankaseka akamaisimba kwa anzawo. Amalume anayamba ndi kundiyamikira, kuti mkamwiniyu samwa, salankhula zachipongwe, ndi waulemu.

"Ulemu ali nawo," anatero apongozi. "Wochuluka. Umenewo ndi umene unandikhazika pa tiyi." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Koma iwo anapitiriza, mawu atatsika. "Achimwene, ine ndine chimunthu chonsechi. Ndinachoka kumsana kwawo, iwo n'kumva kupepukidwa, n'kumakondwa, mpaka ku Boma. Nanga mwana wangayu, wosadziwa kudandaula, akakakhala kumene kulibe ine? Akadzayamba kusowa pang'onopang'ono m'nyumba mmenemo, adzazindikira ali pati?"

Kuseka kwanga kunauma, ndipo zinandipweteka.

"Sindikukana," anamaliza. "Ayambe aphunzira kucheuka."

Ndiye ndikuphunzira, abale. Chishalo sindipakanso kanthu, matayala ndimapopa molingana ndi msewu, ndipo ndikanyamula munthu ndimamuitana dzina pa bampu iliyonse mpaka ayankhe. Madzulo ndikaweruka ndimadutsa pa nyumba ya kampani ija, ndimayatsa magetsi n'kuzimitsa kuti ndione ngati akugwirabe, kenako ndimakwera njinga kubwerera kwa Changata. Ndikafika ndimayamba ndafunsa Esinati mmene waswerera, n'kudikira mpaka amalize kuyankha, apongozi ali pakhonde lawo kumvetsera.