Nkhondo ya Chijasi Chaubweya pa Salaula wa mu Kafue

Khalani chete, inu a m'badwo wa magetsi othimathima ndi mafoni akutha moto, pakuti ndikufuna kulemba, anthu asanaiwale, mbiri ya nkhondo imene inagwedeza msika wa salaula, ndiye kuti zovala za kaunjika, wa mu Kafue m'mwezi wa Okutobala, mwezi umene phula la pamsewu wa ku Lusaka limafewa ndi dzuwa ndipo agalu amasiya kuuwa chifukwa cha ulesi. Wolemba mbiriyi ndiye ngwazi yake yomwe, chifukwa palibe wina amene anadzipereka. Ndine Lighton Jere, mdzukulu wa Angoni owoloka Zambezi, Mkango wa ku Shikoswe, Mlonda wa Mpando wa Pakhonde, iye amene chithere ntchito kufakitale zaka zitatu zapitazo sanagonjepo pa nsolo.

Ufumu wa ngwazi imeneyi unkadyetsedwa ndi mkazi wake Emelda, amake Joy. Tsiku lililonse m'mamawa Emelda ankakwera kumbuyo kwa lole yaing'ono kupita ku Shimabala kukagula matimati ndi repu zodzagulitsa mumsika. Mu Juni ankabwera akunjenjemera, milomo itauma, ndipo tsiku lina ine, nditakhala pampando wanga, ndinalumbira pamaso pa anzanga onse a pa nsolo kuti ndidzamgulira chofunda chimene mkazi aliyense wa mu Kafue sanachionepo. Juni anapita. Julaye anapita. Mphepo inatha, lumbiro lili chikhalire. Ndinene zoona: zinkandiwawa kuti kwa zaka zitatu chilichonse cholowa m'nyumba mwathu, kuyambira mchere mpaka nsapato zanga, chinkadzera m'manja mwa Emelda. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha ndilowe pakhomo nditanyamula chinthu, iye andiyang'ane ngati kale.

Mu Okutobala ndinapeza ganyu yopaka laimu mpanda wa munthu wina, ndipo thumba langa linamva kulemera kumene linali litakuiwala. Ndinanyamuka ulendo wa kumsika nditaloweza malangizo onse a ogula zaubweya, amene ndinawatola pafoni ya mnzanga. Amati uuzire mpweya muubweya kuti uone ngati pansi pake pali chikopa kapena ulusi, ukoke pang'ono kuti uone ngati sukuthothoka, ununkhize ngati mulibe nkhungu, utembenuze nsalu ya mkati kufunafuna mabowo a njenjete. Panalinso langizo lomaliza lonena za munthu amene adzavale chinthucho, koma pamenepo foni inazima, ndipo ine ndinati limenelo si lofunika kwa mwamuna wodziwa mkazi wake.

Tsiku limenelo a Febby, Mfumukazi ya Mabelo, mayi wa mawu omveka mpaka kusiteshoni, ankatsegula belo latsopano. Lamulo la pabelo amalidziwa aliyense wa mu Kafue: waya asanadulidwe manja onse amakhala kumbuyo, ndipo akadulidwa, chimene wayamba kugwira ndi chako mpaka utachisiya wekha. Ukangochotsa dzanja, ngakhale kuti ukande mphuno, chapita.

Waya anaduka, belo linafufuma, ndipo pakati pa mathalauza ndi majuzi panatuluka chijasi chaubweya, chofiirira, chonyezimira, chachitali mpaka m'mawondo. Malangizo onse anandithawa m'mutu nthawi yomweyo. Ndinadumpha, ndinagwira mkono wake wamanja. Nditakoka ndinamva kuti chikukana, ndipo nditakweza maso ndinapeza kuti mkono wamanzere uli m'dzanja la a Fackson.

A Fackson amenewa, Mphepo ya ku Chanyanya, Wopalasa Njinga Yopanda Mabuleki, ndi Mbemba wogulitsa nsomba, ndipo popeza ine ndine wa kum'mawa, iwo ndi ambuya anga. Pachimbuya timaloledwa kunyozana mpaka dzuwa kulowa popanda wokwiya, koma mwambowo sunanenepo kanthu za chijasi. Ndinaimirira mowongoka, dzanja limodzi pamkono, lina pachifuwa, ndipo ndinalankhula kuti msika wonse umve.

"Imwe ba Fackson, bakudya kolwe, mvelani. Makolo banga banaoloka Zambezi na mikondo, sibanasiyepo chintu chamene bagwila. Ici chijasi nachigwila ine poyamba, ni cha bamake Joy. Chosaniko kwanja mukali na ulemu."

A Fackson, osadandaula kuti ndawatcha odya anyani, anayamba ayasamula kaye, kenako anayankha mwaulemu waukulu kuti munthu wodya mbewa alibe chonena pa nkhani ya ubweya, chifukwa ubweya wonse umene anauonapo anauwawula pamoto n'kuudya. Anthu anaseka, ndipo ndikukhulupirira kuti ankaseka iwowo.

Tinaima choncho kuyambira teni koloko mpaka dzuwa linafika paliwombo. Amayi ogulitsa zitenje anasiya malonda n'kutizungulira, ena mbali yanga, ambiri mbali ya mthunzi. Thukuta linkandiyenderera kuchokera m'khosi mpaka m'nsapato. Ntchentche inatera pamphuno panga n'kuyendapo mmene inafunira, koma mdzukulu wa Angoni sanasunthe chala. Pofuna kufooketsa mdani, ndinafunsa kuti munthu wa m'mphepete mwa mtsinje akufuna chijasi cha chiyani mwezi wotentha chonchi.

"Ni cha bokosi yanga ya nsomba," anatero a Fackson. "Ayisi isungunuka nikalibe kufika na pa njanji. Nikafunga na ici, izafika mu tauni ikali yolimba."

Magazi anandiwira. Chovala choyenera mkazi wa mfumu, chochokera kumaiko a chisanu, kukafunda nsomba panjinga. Ndinalengeza kuti chijasicho ndi chikopa cha chilombo choopsa chimene alenje khumi anafera, ndipo kuchinyoza n'kunyoza mizimu yawo. A Febby, amene malonda awo anali ataima chifukwa cha ife, anangozula ubweya pang'ono, n'kubwereka machesi, n'kuyatsa. Ubweyawo sunapse ngati tsitsi. Unasungunuka n'kusanduka kampira kakuda, fungo lake la pulasitiki. Chilombo changa chinali chobadwira m'fakitale. Ndinayang'ana kumwamba n'kunena kuti zimenezo ndinkazidziwa kale, ndinkangoyesa a Fackson.

Palibe amene anasiya. M'malo mwake tinayamba kukoka, ine chakum'mawa, iwo chakumtsinje, mapazi akukumba fumbi. Kenako panamveka kung'ambika kumene amayi a pamsika amakukambabe mpaka lero. Mkono wamanzere unasosoka paphewa, ndipo a Fackson anagwa chagada mumulu wa makabudula, mkonowo uli m'manja. Chijasi chinatsala kwa ine.

A Febby anagamula kuti chong'ambika chagulidwa, aliyense alipire chimene wagwira. Anaonjezera kuti chijasi cha mkono umodzi sachivala munthu wabwinobwino, ndipo kuli bwino adule winawo kuti mbali zifanane. Ndinavomera monga amavomerera opambana. Sizasi itamaliza ntchito yake, ndinatenga mkono wachiwiriwo n'kuuponya pamiyendo pa mdani wanga wogonjayo, ndikunena mokweza kuti Angoni salanda ogonja chilichonse, atenge akamangire pabokosi lawo. Kenako ndinavala chijasi chopanda mikonocho, kuti komboni yathu yonse ya Shikoswe ione, ndipo ndinayenda nacho padzuwa la Okutobala mpaka kunyumba, kumene ndinafika maso akuchita mdima.

Emelda anali pakhonde akusankha matimati. Ndinavula chijasicho n'kuchiika pamiyendo pake, ndipo ndinayamba kufotokoza nkhondo yonse kuyambira pa kuduka kwa waya. Sanandidule mawu. Anachisisita, anachitembenuza, analowetsa dzanja pabowo la paphewa n'kulitulutsira kunja.

"Batate ba Joy, manje mikono ili kuti?"

Ndinayankha kuti ndinaipereka kwa ogonja, monga amachitira akuluakulu. Iye anandifotokozera modekha, ngati akuuza mlendo njira, kuti kumbuyo kwa lole amayi amakhala mothithikana, ndipo thupi silimva mphepo chifukwa pali juzi, chitenje ndi anzako mbali zonse. Chimene chimakhala pamphepo ndi mikono, chifukwa uyenera kugwira chitsulo njira yonse kuti ungagwe. Pofika ku Shimabala mikonoyo imakhala itafa, moti kireti yoyamba amainyamula osaimva. Anatambasula mikono yake kuti ndiione. Khungu lake linali losweka kuyambira m'zigongono mpaka m'zala, ndipo Okutobala anali asanalichiritsebe.

"Zaka zitatu izi, simunanifunseko pamene pamazizila," anatero. Sanakweze mawu, ndipo anabwerera ku matimati ake.

Pamenepo ndinadziwa langizo lija limene foni inazima nalo. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo ngakhale tsiku limene ntchito inatha. Ndinali nditamenya nkhondo maola awiri, ndapambana, ndipo mbali yokhayo imene mkazi wanga ankaifuna ndinaiponya ndekha pamiyendo pa wogulitsa nsomba.

M'mawa mwake, atabwerako ku Shimabala, Emelda anandinyamulitsa chijasicho m'thumba n'kunditsogolera kumene a Fackson amaimika njinga. Tinawapeza atakwinya nkhope, mikono iwiri ija itamangidwa mozungulira bokosi, madzi akudontha pansi. Ayisi yense anali atasungunuka. Ine ndinayeretsa kukhosi kuti ndiyambe mawu otsegulira zokambirana za mtendere, amene ndinawakonza njira yonse, koma ndisanatchule Zambezi, Emelda anali atamasula kale mikonoyo, wapereka chijasi, ndipo a Fackson akuchikulunga pabokosi. Chinakwana ngati anachita kuyeza.

Pangano la mtendere linasainidwa pomwepo ndi mwambo wonse. A Febby anaitanidwa kudzakhala mboni. Tinamwa maheu m'kapu imodzi, ine ndi mdani wanga, ndipo iwo anapereka nsomba ziwiri zimene zinali zitayamba kale kufewa monga chipepeso cha nkhondo. Potsiriza, monga achitira ambuya pa tsiku lalikulu, anatapa ufa pa tebulo la mayi wina n'kundipaka kumutu ndi kumaso, akulengeza kuti kuyambira tsikulo dzina langa ndi Mgonjetsi wa Bokosi la Nsomba. Msika wonse unaomba m'manja. Ndinaima pakati pawo, woyera ngati mpanda umene ndinapaka laimu, nditanyamula mikono iwiri yonunkha nsomba.

Emelda anaichapa katatu, anaiyanika sabata yathunthu, kenako anailumikiza ndi lamba wodutsa kumsana. Juni atabweranso anakwera lole atavala mikono yaubweya yopanda chijasi, ndipo amayi anzake anamseka mpaka ku Shimabala. Sabata yotsatira awiri mwa iwo anapita kwa a Febby kukafunsa ngati mulinso china m'belo. Bokosi la a Fackson limadutsa mumsewu litavala bwino kuposa mwini wake, ndipo ana amalipatsa moni.

Koma mikono ya chijasi imathera pamfundo ya dzanja, ndipo zala zimagwirabe chitsulo. N'chifukwa chake Mkango wa ku Shikoswe masiku ano sapezeka pampando wake m'mawa. Amaima pamene lole imatsitsira katundu, amatsitsa makireti, kenako amatenga zala za amake Joy n'kuzifumbata m'manja mwake, anthu akuona, anzake a pa nsolo akuseka. Zimatenga mphindi khumi kuti zifunde. Zaka makumi awiri tili m'banja, zimenezi ndazidziwa chaka chino.