Ndinakuikani Kachiwiri, Ababa, pa Laputopu

Ababa, khalani tsonga kumene muliko, ndikuuzeni zamanyazi zimene mwana wanu Yotamu wachita. Koma ndisanadziyalutse, mudziwe kaye kuti a Jelemiya, aja ankabwereka ngolo yanu chaka ndi chaka, pamaliro anu sanaoneke. A Nabanda a ku Kasiya akuti mwendo, koma Loweruka lotsatira mwendo womwewo unawafikitsa ku chinkhoswe. Matenanti a ku esiteti, anthu a ku Mulanje osakudziwani mfunda, anabwera wapansi n'kugona nafe pasiwa. Ndiye palinso a... ayi, ndalekera pomwepa. Ndikapitiriza, nkhani yanga sindiifika.

Titakuikani, ana a alongo anu anatenga njinga, wailesi, ndi alubamu yanu ya zithunzi yomwe. Ine ndinachenjera. Asanainyamule, ndinajambula chithunzi chilichonse ndi foni, kuphatikiza pa vidiyo ya maliro imene ndinali nditajambula kale. Foni inadzaza mpaka kukana meseji.

Mlongo wanga Esinati, wa ku tauni uja, anati ndiike zonse pa cloud kuti abale aziona. Cloud, ababa, ndi nkhokwe ya pa intaneti: mumathiramo muli kuno, wina n'kumatapa ali ku Joni. Ndinathira, n'kutumiza linki pa gulu la banja, mufonimo n'kusesamo.

Koma mtima sunakhale pansi. Ndinafuna kuti mukhalenso m'nyumba, mu laputopu ija ndinagula ku Msundwe nditagulitsa soya. Imayendera Linux, pulogalamu yaulere imene wogulitsa anati sigwidwa mavairasi. Chimene sanandiuze n'chakuti eni cloud anapangira apu anthu ena onse, ife a Linux n'kutisiya ngati ana opeza. Apu yake umasaka wekha.

Ndinapalasa njinga yobwereka mpaka ku Nsaru kwa a Chikuse, alangizi athu a zaulimi, amene nawonso ndi a Linux.

"Pali maapu atatu," anatero. "Yoyamba ili ngati zenera. Netiweki ikakhalapo mumaona zithunzi, ikachoka mwatsala mumdima."

"Kwathu netiweki imakhala pa chulu. Imeneyo ayi."

"Yachiwiri imakopera mbali imodzi, kuchoka ku cloud kubwera kuno. Yakopera yakopera, palibe angalande. Ine ndikanatenga imeneyi. Kungoti ilibe mabatani, mumalemba malamulo nokha."

Anandionetsa. Sikirini yakuda bii, tizilembo toyera, Chingerezi chopanda mutu ndi mchira. Ababa, inu mukudziwa kuti Fomu 2 ndinaisiyira panjira, munandithamangitsa nayo mpaka kudambo.

"Nanga yachitatu?"

"Yachitatu ndi kalilole. Imachita sync mbali zonse. Chimene mwachita uko chichitika kuno, chimene mwachita kuno chichitika uko."

Inali ndi mabatani okongola ndi katiki kobiriwira, konga kochongera ka aphunzitsi.

"Imeneyo!"

"A Yotamu, koma mwamvetsa? Kalilole sasankha nkhope."

"Alangizi, za feteleza ndimakumverani. Izi ndi zathu achinyamata."

Ndinanena mokweza, chifukwa pakhonde panali azimayi odikira mbewu, ndipo mmodzi ankandiyang'ana bwino. A Chikuse anangokweza mapewa n'kuika apu ija. Zithunzi zinatsika zonse, katiki n'kuwala. Ndinabwerera kumudzi laputopu ili kumsana, ndikudzimva ngati bwana wa ku banki.

Tsopano imvani za mkamwini wanu, alamu anga a Gelesomu, amuna a Esinati, aja a wotchi yaikulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta. Iwo pamaliro anali ku workshop ku Salima, akuti sikanatheka kuisiya. Ataona vidiyo, analemba pa gulu:

"Alamu, taonera. Koma mwajambula mogwedeza kwambiri, ulaliki sukumveka. Next time muzigwira foni chopingasa."

Next time! Ababa, akuti mumwalirenso kuti iwo aonere bwino!

Ndisanameze malovu, a Nabanda a mwendo aja anawonjezera: "Bokosi lake likuoneka lopepuka, eti?"

Ndinagwedeza vidiyo chifukwa ndinkalira. Bokosi ndinanyamula nawo ine, phewa linatupa sabata yonse. Ndinakwera chulu cha kuseri kwa chigafa foni ili m'manja, n'kutsegula cloud, n'kusankha zonse. Delete! Foni inafunsa, "Are you sure?" Ndinati sure kwambiri. Inati zapita mu bini, ndingathe kuzibweza. Ndinalowa mu binimo n'kukhuthula. Kenako ndinalemba pa gulu:

"Wofuna kuona maliro amabwera ndi miyendo. Sinema yatsekedwa!"

Ndinatsika chulu chija ngati ndapha njoka. Iwo atsala manja lende, ine zanga zili phee mu laputopu pansi pa bedi. Masiku amenewo nsanje ya nzeru zanga ndinkaimva ndekha.

Itakwana nthawi ya chiliza, mmisiri wa ku Msundwe anati titumize chithunzi chanu chabwino kuti achiike pa mwala. Ndinayala mphasa pamthunzi wa chigafa, m'munsi mwa chulu chija, n'kuitana amayi kuti asankhe. Ndipo poti ndine munthu wokonzekera, ndinayatsiratu hotspot ya foni kuti akangosankha nditumize pomwepo.

Laputopu inagwira netiweki. Katiki kaja kanayamba kuzungulira.

"Ichi cha suti yotuwa," anatero amayi, akuloza. Chala chisanafike pa sikirini, chithunzi chinazimirira.

"Chapita kuti?"

"Ndi netiweki, amayi. Sankhani china."

"Chabwino, ichi ali pa ngolo."

Ngolo inapita, ng'ombe ndi zomwe.

"Yotamu, bambo ako akuchoka!"

"Dikirani kaye!"

Munkachoka mzere ndi mzere, ababa. Inu pa ubatizo wa Esinati, mwapita. Inu mutanyamula belo la fodya, mwapita. Ndinadina mabatani onse. Ndinazula chaja, kuiwala kuti muli batire. Ndinavundikira sikirini ndi chipewa, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Pamene nzeru yozimitsa foni inkandifika, foda inali mbee ngati bwalo losesa. Katiki kanabwerera, kobiriwira bwino, n'kulemba kuti "Everything is up to date."

Amayi anamanga chitenje mwamphamvu n'kuyang'ana cha kumanda.

"Akwiya. Ndinanena ine kuti nyimbo yawo ija kwaya sinaimbe."

Ndikhululukireni, ababa. Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Mlandu wanga munausenza inu mpaka dzuwa kupendeka, amayi atayamba kale kukonza zopita kwa abusa.

M'mawa mwake ndinali ku Nsaru.

"Alangizi, apu yanu ija ndi yakuba!"

"Munafufuta chilichonse?"

"Uko kokha. Kuno sindinakhudze."

"Ndi bini yomwe?"

"Ndinkafuna ukhondo."

A Chikuse anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. Anafufuza ndithu, pa sikirini yakuda ija, koma anapukusa mutu.

"Apu ilibe mlandu, a Yotamu. Inaona kuti mwataya uko, inati bwana sakuzifuna, n'kutaya kunonso. Yakumverani kuposa mmene kalabu yanu ya fodya imandimvera ine."

Ndinapita kwa ana a alongo anu kukapempha alubamu. Anati ili kwa uje, uje anati inavumbwa, wina anati ankayesa ndi buku la nyimbo. Esinati anati iye sankasunga kanthu poti ankadziwa kuti achimwene ndi a makompyuta. Mmisiri naye foni kawirikawiri, akuti simenti siidikira munthu.

Anatsala munthu mmodzi. Ndinakweranso chulu chija, ulendo uno pang'onopang'ono, n'kuimbira a Gelesomu.

"Alamu, mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Aa, eni sinema! Mwatsegulanso?"

"Alamu, tisakumbe zakale. Tonse ndife ana a bambo mmodzi."

"Si paja ena tilibe miyendo?"

"Foni inabedwa, alamu. Analemba ndi wina."

"Wakubayo amandidziwa bwino, eti?"

Ndinafunsa ngati mwina anasungako chithunzi chanu chilichonse. Anandidikiritsa dala, mayunitsi anga akutha.

"Chilipo chimodzi. Ndinachisunga ndekha."

Ndinati kodi munthuyu ankakukondani chonchi ine osadziwa?

"Chiti, alamu?"

"Cha pa ukwati wanga. Ndinatulukamo bwino kwambiri."

Anatumiza. Inu muli pambali, ababa, mwamwetulira pang'ono ngati nsapato ikukuthinani. Pakati pali iwo, mano onse panja, atakukolekani dzanja paphewa. Mmisiri anawadula nkhope, anawadula thupi, koma dzanja anati likachoka, lichoka ndi khosi lanu.

Amayi ataona mwala, anauyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Kodi bambo ako wotchi anagula liti?" Pamenepo m'pamene ndinaulula zonse, pamaso pa abusa ndi kwaya imene inabwera kudzaimba nyimbo yanu ija kawiri.

Ndiye mukamamva kulemera paphewa, ababa, si dothi ayi. Ndi mkamwini wanu. Pamaliro sanabwere, koma tsopano kumanda sachokako, mvula ndi dzuwa, ndipo amene anawamatirira pamenepo ndi simenti ndine.

Musanatenthe nkhokwe kuti makoswe akhaule, yambani mwafunsa kuti chimangacho n'cha yani.