Sitima Yomira Yasowa

Lolemba
Namondwe wadutsa kugombe la kum'mawa. Bwana wa kampani yathu ya kuno ku Dubai, yotengera alendo pansi pa nyanja, sakudya. Akuti mwina sitima yawonongeka. Sitima yake ndi ija inamira kalekale, imene azungu amalipira kuti akaione! Chinthu chomira kale chiwonongekanso bwanji?
Ine ntchito yanga ndi kutsuka bwato. Koma alendo achepa ndi korona, ndipo bwana akuti wosadziwa kusambira pansi pa madzi abwerera kwawo mwezi ukatha. Mwana wa ku Ntcheu ine, madzi ndimadziwa a m'ndowa. Ndiphunzira sabata yomwe ino.

Lachiwiri
Kuchipinda kwathu ku Hor Al Anz, mutu m'ndowa, kuphunzira kusunga mpweya. A Zulu, Mzambia wogona bedi lapamwamba, andipeza matako ali m'mwamba. "Iwe mwana, ngati ufuna kufa, fela mu baketi yako. Iyo ni yanga."

Lachitatu
Dziwe lophunziriramo atseka, wina watsokomolamo. Mphunzitsi akundiphunzitsa pafoni. Akuti galasi la kumaso umalavuliramo kuti lisachite nthunzi. Kenako akuti kulavula n'koletsedwa chaka chino. Ndiye ndilowe wosaona?

Lachinayi
Tapita kukaizonda sitima ija. Anzanga alowa, atuluka. Palibe! Mchenga wakwirira yonse. Matanthwe okongola aja aphwanyika ngati mbale zadothi. Zimene apeza:
mpando wapulasitiki
chitseko cha firiji
mamasiki, mamasiki
nsomba imodzi, yooneka yokwiya.
Ine ndili pamwamba, kusanza m'bwato lomwe nditsuke ndekha.

Lachisanu
Tsiku lopuma. Mapemphero a pafoni ndi amayi a kwathu ogwira m'nyumba. Ndapempha aikepo sitimayi. Mayi Nachisale, otsogolera, ayamba ndi mphamvu: "Atate, ivuuleni!" Ndakuwa kuti ayi, ipezeke koma isavuuke. Akuti, "Achimwene, mukaganize kaye chimene mukufuna."

Loweruka
Bwana akumwetulira. Akuti, "Khalas, nkhani yatha! Alendo akufuna chomira, tiwapatsa. Timiza bwato lathu, tizibwereka la ena." Bwato langa! Ndalisamala ngati mwana, pena paliponse ndimapadziwa ndi chala.

Lamlungu
Kuno Lamlungu ndi tsiku la ntchito. Ndikulitsuka komaliza, akuti lisapite ndi mafuta, nsomba zingadwale. Ndafunsa ngati ndingamakalitsukire konko ndikaphunzira. Bwana aseka: "Habibi, m'bale wanga, alendo amalipira kuti aone ndere."
Zandipweteka, sindinama. Ine ndi bwatoli tonse sitidziwa kusambira, koma ilo lapeza ntchito pansi pa madzi ndipo litsala ku Dubai. Wopita ku Ntcheu ndine.
Ndalipukuta magalasi mpaka kuwala. Ndowa ya a Zulu ndabweza.