Lung Ansgar, Mzungu Wothawa Madzi a Songkran

M'kanjira kathu ku Lamphun mukatchula Lung Ansgar, ndiye kuti Amalume Ansgar m'chinenero cha kuno, ngakhale mwana wongoyamba kuyenda akuuzani kuti ndi mzungu uja ankathawa madzi. Kusamba ankasamba, ndisanamizire akufa. Chimene analumbira n'chakuti madzi a chikondwerero cha Songkran sadzawakhudza. Analumbira zimenezi m'dziko limene Epulo akafika pakati, aliyense, kuyambira wapolisi mpaka nkhalamba yoyendera ndodo, amatenga ndowa n'kuthira mnzake kuti chaka chatsopano chimupeze woyera.

Kwawo ku Denmark anagwira ntchito m'zombo zausodzi panyanja yozizira, ndiye ankati ananyowa kale zokwanira moyo wonse. Ine, amene ndinabwera kuno kudzaphunzitsa n'kupezeka ndachita lendi nyumba yoyandikana nawo, ndinkawauza kuti walira mvula walira matope: munakonda mkazi wa kuno, kondani ndi ndowa zomwe. Ankangondiyang'ana ngati ndawaponda chala.

Chikondwerero chikayamba, ankavala chijasi chamvula chachikasu, majombo, magolovesi a labala ndi chipewa cha njinga yamoto. Dzuwa la Epulo kuno limaphika dzira, ndiye chaka china anakomoka pakona, patsogolo pa Pa Buakham, mayi amene amagulitsa mpunga womata ndi nkhuku yowotcha. Anyamata anathamanga ndi ndowa poganiza kuti mwayi wagwa, koma Pa anawabweza, amvekere njati yogona siwerengedwa. Lung atatsitsimuka, anadzigwiragwira n'kupeza malaya onse ali onyowa.

"Mwandithira eti?"

"Ife takukupizani ndi mbale basi, Lung. Madzi onsewo ndi anu omwe."

Chaka chotsatira anakabisala kukachisi, ati kumalo opatulika kulibe zachibwana. Anakhala kumbuyo kwenikweni, manja atapinda ngati munthu wopemphera. Mwadzidzidzi mmonke wamkulu anadzuka ndi kamtolo ka timitengo, n'kuyamba kuwaza anthu madzi amadalitso mzere ndi mzere. Amene anaona amati sanaonepo munthu wa zaka zimenezo akudumpha pazenera choncho. Nsapato zinakatengedwa mawa lake.

Atazindikira kuti kunja kulibe chitetezo, anayamba kudzitsekera m'nyumba masiku onse a chikondwerero, ndipo kanjira konse kanayamba mpikisano wowatulutsa. Ena ankagogoda kuti kwabwera katundu wochokera ku Denmark. Ena ankati galu wawo wagundidwa ndi galimoto, galuyo ali gone pansi pa mpando wawo. Wina anafika pofuula kuti denga likuyaka, iwo n'kuyankha ali mkati kuti lisiyeni lipse.

Koma panali munthu mmodzi amene sankabwera kudzaseka. Malemu akazi awo, Mae Fongchan, anali ndi mwana wamkazi wa banja loyamba, dzina lake Kanlaya. Pa tsiku la ukwati wa mayi ake ndi Lung, mtsikanayo ali ndi ukali wa chitsikana, ananena pagulu kuti njati yoyera yabwera kudzadya munda wa zipatso wa bambo ake, kenako anapita kukakhala ku Rayong. Mayi ake atamwalira, anayamba kubwera Songkran aliyense ndi kambale kasiliva ka madzi a maluwa onunkhira. Umenewo ndi mwambo wina, wakachetechete: wamng'ono amagwada, amathira timadzi m'manja mwa wamkulu, n'kupempha kuti amukhululukire zonse analakwa.

Lung, poti chikondwerero chonse ankachionera pakabowo ka kiyi, mwambowo sankaudziwa. Akangoona kambale kamadzi pageti, ankaliyatsa liwiro n'kukhoma chitseko, akudandaula kuti mwana uja wayenda ulendo wonsewo kudzangowanyoza. Kanlaya naye ankabwerera akudziwa kuti wakanidwa. Anthu a kuno sauza wamkulu kuti walakwa, amamwetulira n'kudikira kuti azindikire yekha. Ndi Lung Ansgar, akanadikira mpaka nkhuku itamera mano.

Tsiku lina Pa Buakham anandikokera kuseri kwa mbaula yake. Anati Kanlaya wanena kuti chaka chino n'chomaliza, akamutsekeranso chitseko sadzapondanso kuno, ndipo popeza ine ndi mlendo mnzawo, wopanda manyazi a kuno, ndipite ndikanene. Ndinapita mtima uli m'mwamba, ndinafotokoza zonse bwinobwino, Lung n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi, nanunso akunyengererani? Ya denga loyaka ija inali yabwinoko."

Apa ndiye ndinapsa mtima. Tinawanamiza kwa zaka zambiri, moti zoona zitafika zinkamveka ngati bodza lopanda mchere. Ndinangowauza kuti akhale pakhonde ndi zida zawo zonse, chitseko chili chotsegula kumbuyo kwawo, aone okha.

Tsikulo linafika. Lung anakhala pakhonde ali chikasu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ambulera ili m'manja. Kanjira konse kanali pampanda. Kanlaya analowa yekha, ndipo Lung ataona kambale anadzuka, phazi limodzi lili kale m'nyumba. Mayiyo anagwada pasimenti yotentha ija, mutu ataweramitsa.

"Pho," anatero, mawu amene mwana wa kuno amaitanira bambo ake omubereka. "Ndinakunyozani pamaso pa anthu. Ndabwera kudzapepesa pamaso pa anthu omwewo."

Lung anasuzumira m'kambale muja.

"Madzi ake ndi omwewo basi?"

"Ndi omwewa."

"Mulibe ayezi?"

"Mulibe, Pho."

Ambulera inagwera pansi. Magolovesi anali atamatirira ndi thukuta, moti anachita kukoka awiri, Kanlaya chala ichi, Lung chala icho. Kenako timadzi tija tinatsika m'manja mwawo pang'onopang'ono. Pa Buakham ananong'oneza pampanda, ndi kunong'ona kwake komveka mpaka kumsika, kuti Lung adzipake madziwo kumutu n'kumudalitsa mwanayo. Mawu a madalitso sankawadziwa. Anangoti za njati zija anaiwala kalekale, mundawo akhala akumusungira iyeyo, ndipo abwerenso chaka chamawa. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo sindinali ndekha wopukuta m'maso.

Anyamata ataona kuti lumbiro lasweka, ananyamula ndowa zawo. Lung anatola ambulera msangamsanga.

"Awa ndi madzi a mwana wanga. Enanu nkhondo ikadalipo."

Chaka chamawacho sanachione. Anatisiya nyengo yozizira, ali pampando wawo, galu ali pansi. Kuno maliro asanalowe m'bokosi, amagoneka malemu dzanja lamanja litatambasulidwa, ndipo aliyense amabwera kudzathira timadzi padzanjalo potsanzika ndi popempha chikhululukiro. Mzere wake unatuluka m'kachisi mpaka kumsewu. Anthu amene anawasaka zaka zonsezo anadutsa mmodzimmodzi, aliyense ndi kakapu kake, akulimbana ndi misozi ndi chiseko nthawi imodzi. Pa Buakham atafika, anawerama n'kunena kuti, "Thawanitu lero, Lung." Woyamba pamzere anali Kanlaya, pamalo a mwana, ndipo iye yekha anathira wopanda chopempha, poti yankho lake analandira mwini wake ali moyo. Tikanachedwa ndi chaka chimodzi, akanapepesa kwa dzanja losayankha.

Songkran amabwerabe. Timathirana, timakuwa, ayezi amalowa m'khosi, koma kuthira munthu amene akufuna kuthiridwa kulibe kukoma kwenikweni. Kanlaya anabwerera kudzakhala m'nyumba muja, ndipo chijasi chachikasu chija amachipachika pakhonde masiku a chikondwerero. Ana amafika pageti ndi mfuti zawo zamadzi, amachiyang'ana, n'kupitirira. Mpaka lero palibe amene anachithirapo dontho.