A Silika, Wandale Wosalankhula

Wandale wosalankhula munamuonapo inu? Ife a kumunsi kwa Golomoti tinakhala naye. Dzina lawo lenileni linali Sirkka, koma lilime lathu linakana, basi tinkangoti a Silika. Anali mzungu wa ku Finland, wamfupi, wamapewa ngati wosenza matumba. Mukati, "Mwadzuka bwanji, agogo?" ankakuyang'anani kaye ngati mwawafunsa funso la mayeso, kenako n'kuti, "Ndadzuka." Nkhani yathera pomwepo. "Kaya inu" mukam'peze kwanu.

Anabwera motsatira mwana wawo wamkazi amene ankagwira ntchito ya unamwino kuno. Ntchito itatha mwanayo anabwerera, koma mayi ake anakana kukwera ndege. Iyeyo ndi amene anatiululira kuti gogoyu kwawo sanali munthu wamba. Anayamba ndi kukama ng'ombe za bambo awo, kenako anakhala khansala wa mudzi wawo wa m'nkhalango zaka zambirimbiri, mpaka anakalowa ku Nyumba ya Malamulo.

"Bodza!" anatero a Cosmas, khansala wathu wa nthawi imeneyo, munthu amene ankalankhula pamaliro mpaka adzukulu kuwodzera m'dzenje. "Phungu wanji wopanda pakamwa? Kapena zinkamuvotera ndi ng'ombezo?"

Ndiye panabwera nkhani ya kanyumba. Mwezi wa Okutobala, pamene kuno ngakhale buluzi amapempha mthunzi, a Silika anamangitsa kanyumba ka matabwa kuseri, n'kuikamo mbaula ndi miyala. Tinkayesa uvuni wa buledi. Ayi ndithu! Ankasonkha moto, miyala ikapsa n'kuthirapo madzi, iwo n'kukhala m'nthunzimo akudzikwapula ndi masamba a bulugamu. Anthu tikufa nako kutentha, wina akuchita kukuwonjezera dala.

Mnzawo wapamtima anali a Rozi, mayi wamasiye wogulitsa tomato pamsika. Awiriwa ankatha masana onse pakhonde akutongola chimanga, osalankhulana. Chaka chimenecho mjigo wathu unafa, azimayi ankatunga madzi m'dambo, ndipo ana awiri a m'mudzi anatisiya ndi matenda a m'mimba. Tsiku lina a Silika anangoti, "Rozi, uime."

"Ndiime bwanji, agogo, ndili ndi lichero pamiyendo?"

"Pachisankho."

"Ine? Wa Sitandade faifi?"

"Ine wa ng'ombe," anatero a Silika, n'kupitiriza kutongola.

Kampeni yake sitinaionepo. A Cosmas anali ndi chimkuzamawu panjinga ndi gulu la amayi ovina. A Rozi ndi a Silika ankangofika pakhomo, kukhala pamphasa, duu. Mukudziwa mmene tilili ife: mlendo akakhala chete pakhomo pako, umachita mantha, umayamba kuulula zonse. Anthu anakamba za mjigo, za mlatho, za mbuzi zakuba, ena mpaka za amuna awo. Alendowo akachoka, mwini nyumba ankati, "Koma Rozi amalankhula zanzeru!"

A Cosmas anaona kuti zavuta. Anapita okha kwa a Silika, atavala jekete ndi tayi.

"Anthu akuti m'kanyumba kanuka mukuphikamo mankhwala a chisankho."

"Lowani muone."

Analowa, chifukwa panja panali anthu. A Silika anathira chikho chimodzi pamiyala, n'kutuluka. Chitsekotu sichinali chokhoma. A Cosmas anapirira pofuna kuonetsa umuna, koma posakhalitsa anatuluka chokwawa, tayi ili kumsana, akukuwa, "Ndikonza! Mjigo ndikonza mawa!" Palibe amene anawafunsa za mjigo. Anaukonzadi, ndipo a Rozi anapambanabe.

Ine ndinkaphunzitsa pasukulu yapafupi. Masana ena ndinapeza a Silika atakhala pansi pa mlambe, akuyang'ana maminibasi pamsewu. Ndinalimba mtima n'kufunsa, "Agogo, kwanu simukuwasowa anthu anu?"

Anayankha, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinamva mawu awo ambiri.

"Mudzi wathu unalibe msewu, aphunzitsi. Chisanu chikagwa, wodwala ankafera m'nyumba. Ndinamenyera msewu moyo wanga wonse. Unabwera, wabwino, watala. Anyamata anaukwera kupita kutauni. Atsikana anatsatira. Sukulu inatsekedwa, ng'ombe zinagulitsidwa. Pomaliza ndinkayenda kukapempha mavoti, ndikugogoda, m'nyumba mulibe munthu. Makatani ali pazenera, makapu ali pathebulo."

Minibasi inadutsa, kondakitala akuitana anthu a ku Balaka.

Chaka chawo chomaliza mutu unayamba kusokonekera, ndipo pamenepo m'pamene pakamwa panatseguka. Ankafika pamsika dzuwa lili pamutu, n'kumagwira anthu chanza, akuwatchula mayina achilendo. Poyamba tinkaseka. A Cosmas anasanduka "Eino," ndipo ankayankha ndithu, "Wawa, agogo." Koma nthawi zina a Silika ankatambasula dzanja pamalo popanda munthu, n'kuligwedeza, akumwetulira, akudikira yankho. Kenako ankapita kwa wotsatira, nayenso wosaoneka. Ankadutsa mzere wonse choncho. Ogulitsa usipa ankasuntha madengu kuti anthu amenewo adutse. Tsiku lina anaima m'munda mwa a Rozi chimanga chitauma, n'kulankhula m'chinenero chawo, mawu amphamvu, chala m'mwamba, misozi ikutsika. Tinaima m'mbali mwa munda, osamva kanthu. Atamaliza, a Cosmas anavula chipewa.

A Silika anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Mwana wawo anabwera kudzatenga thupi, akuti mayi anafuna kukagona pafupi ndi anthu awo. A Rozi anamufunsa, "Kumandako kukakhala ndani?"

"Ine, abusa, mwina ndi msuweni wanga."

"Basi? Nanga wolira ndani?"



Choncho tsiku limene ankawaika kutsidya kwa nyanja zonsezo, ife tinasonkhana pakhomo pawo. Anabwera a ku Mua, a ku Mtakataka, Akhristu, Asilamu, mpaka bwalo linachepa. Amayi analowa m'nyumba n'kukhala mozungulira mphasa yopanda kanthu, n'kulira maliro enieni mpaka mawu kusasa. Adzukulu anabwera ndi makasu awo mwachizolowezi, ndipo anakhala nawo pamiyendo tsiku lonse.

Mpaka lero mudzi uno umakhala ngati pali ntchito imene sitinaimalize. Nyumba ija inachita udzu, koma palibe wazulako ngakhale msomali. Mlendo akatifunsa kuti, "Manda a mzungu uja ali kuti?" timayang'anana. Wina amayamba kukweza dzanja kuti aloze, kenako n'kulibweza.