Mlendo mmodzi, mayina asanu

Mpaka lero amayi a kwathu ku Bwacha akandiona amafunsa kuti, "Ba Markowi anafika?" Ndimaseka nawo, koma mkatimu mumawawa.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, muja sopo ndi saladi (mafuta ophikira) tinkazipeza pamzere. Ine ndinkaphikira ansembe kuparishi kwathu. Tsiku lina Bambo Mfumu, mzungu wa ku Poland, anati, "Amayi, Loweruka kukubwera alendo ochokera kwathu."

Kufunsa kuti angati ndinaona ngati mwano, ndiye ndinangotchera khutu akucheza m'chilankhulo chawo ndi sisitere wakwawo. Ndinamva Marek. Kenako Marka (ndinati ameneyo ndi mkazi wake). Posakhalitsa kunatulukira Markowi ndi Markiem, pomaliza Marku, amene ndinamuyesa chitsirizira. Banja lonse!

Ndinabwereka matiresi kwa aneba. Amayi a mpingo anakaima pamzere wa saladi. Nkhuku za amuna anga zinapita iwo ali kuntchito kunjanji (nkhaniyi sinathebe kunyumba). Akwaya ndinawapatsa mayina, anapeka nyimbo, mlendo aliyense ndime yakeyake.

Loweruka lija tonse tinakawachingamira kusiteshoni. Sitima itaima, kunatsika kamunthu kamodzi kowonda, kasutikesi m'manja. Akwaya anayamba. Pa ndime ya Marek mlendoyo anamwetulira. Pa ya Marka anacheuka kumbuyo. Pofika kwa Markowi anali atagwira mkono wa Bambo Mfumu ngati akufuna kubwerera m'sitima.

"Bambo, nanga enawo?" ndinanong'ona.

"Enanso ati?"

Nditawatchulira mayina, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Amayi, onsewo ndi mng'ono wangayu! Kwathu dzina limasintha kumchira. Akamachita chinthu iye ndi Marek, timati mianownik. Mukamupatsa kanthu ndi Markowi, celownik. Mukayenda naye ndi Markiem, narzędnik. Pomuitana ndi Marku, wołacz."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kenako pakamwa panandipereka.

"Manje a Celownik ndi a Wołacz afika ndi sitima iti?"

Sisitere anakhala pansi pa benchi, misozi mbwee ndi kuseka.

"Chabwino," ndinatero, "koma mkazi wake Marka?"

"Sanakwatire. Marka timanenanso iye akakhala kuti palibe."

Nkhuku zija akwaya ndiwo anadya, pakuti mlendoyo nyama sankadya. Kuyambira pamenepo mzungu akati alendo, ndimafunsa kuti mitu ingati. Koma zoti munthu amasintha dzina iye palibe, sindinazimvetsebe. Akabwera amamuuza ndani?