Hutala ya a Gostino pa Tsiku la Ukwati

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake chinali motere.

Cha ku Ntcheu kunali a Gostino Kadzakumanja, munthu wodziwa zonse asanauzidwe. Anali ndi pikapu yakalekale imene anawasiyira malemu bambo awo. Poiliza inkayamba yatsokomola katatu, koma ikanyamuka sinkachititsa manyazi.

Tsono Edesi, mwana wa mlongo wawo, ankakwatiwa Loweruka. A Gostino monga malume anali atalonjeza pagulu kuti mkwatibwi adzakwera pikapu yawo, ndipo hutala idzalira kuchokera pakhomo mpaka kutchalitchi, kuti akuchimuna adziwe kuti sakutola mwana wosowa abale. Lachitatu m'mawa anadina hutala ija. Zii. Anadinanso ndi chibakera. Zii.

Pamenepo panafika a Lufeyo, mlongo wa akazi awo, amene anagwirapo ntchito pagalaja ku Balaka.

"Alamu, tapatukani ndione waya amene wadukayo. Kawirikawiri amakhala mmodzi."

"Mmodzi?" a Gostino anaseka. "Taonani mawayawa, ndi a nthawi ya atsamunda. Onse ndi olakwa, ndizula onse."

"Nanga mudzadziwa bwanji kumene aliyense amapita?"

"Waya ndi waya, alamu. Magetsi si mwana, adzapeza okha njira."

A Lufeyo anangokanda kumutu n'kubwerera kwawo.

A Gostino anapita kusitolo. Kumeneko kunali mawaya achikasu, abuluu, akuda, koma iwo anasankha ofiira okhaokha, ati ofiira ndiwo amathamangitsa moto. Atafika kunyumba anatsegula boneti n'kuyamba kuzula. Osalemba, osaika chizindikiro. Pofika masana panali mulu pansi ngati matumbo a mbuzi. Polumikiza atsopano aja ndi pamene thukuta linayamba, chifukwa uyu wofiira, uyo wofiira, winayo wofiiranso. Koma munthu wanzeru sabwerera m'mbuyo. Ankati akaona kabowo, n'kulowetsamo waya amene ali pafupi.

Lachisanu anatembenuza kiyi, injini inalira. Akazi awo, a Nangondo, anati, "Bambo, bwanji muyese hutalayo?"

"Mayi, musaitopetse. Ipume, idzalire bwino mawa."

Loweruka Edesi anakwera kutsogolo ndi velo yake, amayi oimba anadzaza kumbuyo, nthungululu zili pakamwa. A Gostino anakonza tayi, nadina hutala ndi ulemu wonse. Mawaipa anayamba kwe, kwe, kwe, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

"Malume, mukupukuta chiyani?"

"Fumbi, mwanawe, kuti uone bwino kumene ukupita."

Pamphambano anakankha indiketa kuti akhotere kumanja. M'malo mwa nyali, wailesi imene inafa kalekale inadzuka, mawu ali m'mwamba, ikuwerenga mauthenga a maliro. Nyimbo kumbuyo kuja inathera pakati. Mayi wina anagogoda pagalasi. "A Kadzakumanja, tikupita kuukwati kapena kumanda?"

A Gostino anayang'ana kutsogolo ngati sanamve.

Atafika pakhomo la tchalitchi anaponda buleki, ndipo hutala ija inakumbuka ntchito yake. Inalira, osasiya. Anazimitsa injini, ikulirabe. Anazula kiyi, ikulirabe. Anaimenya ndi nsapato, pamenepo inakhala chete. Anthu analowa m'tchalitchi akusisita makutu, koma a Gostino anatsalira panja, mutu uli m'boneti, kufunafuna waya wolakwa pakati pa ofiira anzake.

M'katimo abusa anafika pa funso lija. "Ngati alipo wotsutsa ukwati uwu, anene tsopano."

Nthawi yomweyo a Gostino anagwedeza waya wina. Piiiii!

Ankhoswe akuchimuna anaimirira, nkhope itachita mdima. "Abusa, mwamva nokha. Malume a mkwatibwi akutsutsa. Ngati sakutifuna, anene pamaso, osati kutumiza galimoto."

Akuchimuna anayamba kutola zikwama zawo. Edesi anagwetsa maluwa n'kuyamba kulira. A Lufeyo anatuluka liwiro ndi suti yawo, nakankha mlamu wawo pambali, nazula waya wa kubatire. Zii. A Gostino analowa chipewa chili m'manja, nagwada pamaso pa ankhoswe aja, nalumbira kuti amene amatsutsa ndi galimoto, osati iwo. Anthu anaseka mpaka abusa anabisa nkhope m'buku, ndipo ukwati unamangidwa. Pobwerera, pikapu inachita kukankhidwa ndi anyamata a kwaya.

M'mawa mwake a Lufeyo anakhala pansi n'kuvundukula mulu wa mawaya akale uja. Onse anali abwinobwino, kupatula kamodzi kotalika ngati chala, kamene khoswe anakatafuna.

"Nayu wolakwa uja, alamu."

A Gostino anakayang'anitsitsa. "Koma anali ambirimbiri. Ndikanamudziwa bwanji?"

"Mukanamufunafuna. Kodi njuchi imodzi ikakulumani, mumatentha mng'oma wonse?"

A Nangondo, amene ankasesa pabwalo, anaimika tsache. Anayang'ana mulu wa mawaya, anayang'ana amuna awo, nanena mawu amene timanena mpaka lero wina akafuna kuweruza gulu lonse pa mlandu wa munthu mmodzi:

"Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma."